Tikufuna kukaonetsa ana sinowo ku Lesotho, amene munapitako tithandizeni

Make Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yoti ena museka, sekani ndithu koma mundiyankhe. Ine ndi bambo akunyumba takhala tikuponya kangachepe ku banki m'khonde kwa zaka ziwiri, cholinga tikaonetse ana sinowo. Osati ya pa TV, akaigwire ndi manja awo, akatsetserekepo. Tamva kuti ku Lesotho kuli malo otchedwa Afriski. Tilipo asanu: ife awiri, Tadala wa zaka 12, mng'ono wake wa zaka 7, ndi mnyamata wa malemu alamu anga, m'bale wa bambo akunyumba, amene timakhala naye, wa zaka 10. Alipo anafikako? Tiyambire pati?

Malume a ku Ndirande: Mayi, ndalama zonsezo kukagula kuzizira? Dikirani chiperoni cha Julayi, mukwere nawo ku Bvumbwe m'mamawa opanda juzi. Ulere.

Make Tadala: Ndinadziwa kuti muyamba ndinu amalume.

Achimwene a ku Joni: Asiyeni amalumewo. Ine ndinapitako ndi banja langa, kuchokera kuno ku Johannesburg. Poyamba dziwani nyengo. Masewero a ski, otsetsereka pa sinowo, kumeneko amachitika kuyambira Juni mpaka Ogasiti basi. Musaganize za Disembala ngati mmene zimakhalira ku Ulaya, Disembala kuli udzu wobiriwira ndi nkhosa. Malowa ali m'mapiri a Maluti, m'boma la Butha-Buthe, kumpoto kwa dzikolo. Kuchokera ku Joni pa galimoto ndi maola anayi ndi theka kapena asanu. Mumadutsa Clarens, Fouriesburg, n'kulowa pa boda ya Caledonspoort. Bodayi imatsekedwa usiku, ndiye musanyamuke mochedwa. Mukadutsa tawuni ya Butha-Buthe msewu umayamba kukwera, ndipo pa Moteng Pass mpamene ana amasiya phokoso m'galimoto.

Make Tadala: Zikomo achimwene. Ana athu amatsekera sukulu cha mu Julayi, ndiye timaganiza sabata yoyamba ya Ogasiti.

Achimwene a ku Joni: Nthawi yabwino imeneyo. Ana a sukulu a kuno amakhala pa holide kumapeto kwa Juni mpaka mu Julayi, ndipo nthawi imeneyo kumadzaza, mzere wa pa chokwerera phiri umatalika. Ofika mu Ogasiti amapeza anthu atachepako, makamaka pakati pa sabata. Koma musakankhire kumapeto kwenikweni kwa mwezi, kumayamba kufunda ndipo sinowo imasanduka phala masana.

Chinanso ndikuuzirenitu kuti musadzakhumudwe. Musayembekeze kuti phiri lonse likhala loyera ngati pa kalendala. Nyengo yozizira ya ku Lesotho ndi youma, monga kwathu. Masiku ambiri mapiri amakhala ofiirira, udzu wouma, ndiye pakati pake pali mzere woyera wotalika pafupifupi kilomita imodzi. Sinowo yambiri amachita kupanga ndi makina amene amapopera madzi m'mwamba usiku kukazizira kwambiri. Yogwa yokha imagwa ndithu, koma siimapangana ndi munthu.

Malume a ku Ndirande: Ndiye kuti ndi ya mufiriji! Mayi, ine firiji ndili nayo, bweretsani anawo.

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Amalume, imeneyo si ya mufiriji, ndi madzi ouma tizidutswa ting'onoting'ono ngati yeniyeniyo. Ngakhale kumayiko a azungu amathira ya makina. Ine chimene chimandisangalatsa ndi Lesotho n'choti ndi dziko lokhalo padziko lapansi limene lonse lili pamwamba pa mamita 1,000. Malo ake otsikitsitsa ali pa mamita 1,400. Blantyre yathuyi ili cha pa mamita 1,000 ndi pang'ono. Kutanthauza kuti chigwa chawo n'chokwera kuposa pakati pa tawuni ya Kabula.

Bambo a Chisomo: Funso langa ndi la mayendedwe. Ndege kapena basi? Anthu asanu pa ndege si masewera.

Make Tadala: Timaganiza basi popita, ndege pobwera, ngati ndalama zilola.

Bambo a Chisomo: Ine njira ya basi ndimaidziwa ngati chikhatho changa, ndinkaoda katundu ku Joni. Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Maboda atatu, kudinditsa potuluka ndi polowa, ndiye onani ngati masamba a mapasipoti alipo okwanira, poti muwonjezerapo zidindo za Lesotho. Pa Beitbridge mutha kukhalapo maola ambiri, ana atagona pa zikwama. Munthu wamkulu amapirira, koma mwana wa zaka 7 amafika atatheratu. Ndikanakhala ine ndikanatembenuza: ndege ya Malawi Airlines kuchokera pa Chileka popita, maola awiri ndi pang'ono muli pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni, basi pobwera pamene zosangalatsa zatha.

Anesi: Bambo a Chisomo anena zoona, ndipo chifukwa chake n'chachikulu kuposa kutopa chabe. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndikuona kuti tonse tikukamba za kuzizira ndi ndalama, koma palibe wakamba za kutalika kwa malowo. Achimwene a ku Joni, malo ogona ali pa mamita angati?

Achimwene a ku Joni: Kupitirira 3,000. Mahlasela Pass, imene ili pamwamba pake, ili pa 3,222.

Anesi: Mwamva? Sapitwa, nsonga ya Mulanje, ndi mamita 3,002. Ndiye Make Tadala, mukufuna kukagoneka ana malo okwera kuposa Sapitwa, masiku atatu kapena anayi. Okwera Sapitwa ambiri sagona pansonga, amafikapo, kujambulitsa, n'kutsika. Komanso amakwera wapansi pang'onopang'ono, thupi likuzolowera. Inu galimoto idzakunyamulani n'kukutulani pamwambapo tsiku limodzi.

Make Tadala: Mayo ine. Zimenezo sindinaziganizeko n'komwe. Ndimangoganiza za majekete.

Anesi: Majekete ndi nkhani yaing'ono. Pamwamba chotero mpweya umakhala wopepuka. Ukapuma kamodzi, okosijeni amene walowa amakhala pafupifupi magawo 7 mwa 10 a amene ukanapuma uli m'mbali mwa nyanja yamchere. Thupi limazolowera, koma limafuna masiku. Likakakamizidwa limadandaula: mutu kuwawa, nseru, chizungulire, kusafuna kudya, tulo kusabwera. Zimayamba kuoneka munthu akapitirira mamita 2,500, kawirikawiri usiku woyamba. Sizisankha kuti uyu ndi wamphamvu. Wothamanga mpira akhoza kugwa nazo, agogo ali bwinobwino.

Vuto la ana n'loti sanena kuti mutu ukundiwawa chifukwa cha phiri. Amangoyamba kulira zopanda pake, kukana chakudya, kugonagona. Kholo limaganiza kuti ndi matukutuku kapena kutopa ndi ulendo. N'chifukwa chake ndikugwirizana ndi zoti asafike atatopa kale ndi basi, chifukwa simudzasiyanitsa.

Achimwene a ku Joni: Ife zinatichitikira. Tinanyamuka m'mawa kuno, madzulo tili pamwamba. Mkazi wanga usiku wonse mutu ngati ukung'ambika, mwana wathu wamkulu anasanza kawiri. Tsiku loyamba limene tinalipira kale linapita padera. Chonsecho ife timakhala ku Joni komwe kuli kale pa mamita 1,750. Inu ochokera ku Blantyre mudzadumpha mamita 2,000.

Anesi: Ndiye dongosolo likhale lotere. Mugone ku Johannesburg usiku umodzi kapena uwiri. Kenako Clarens, kumene kuli cha pa mamita 1,800, usiku wina. Mukakwera, tsiku loyamba likhale lopepuka, ana aseweretse sinowo, aumbe zidole, osati kuthamanga. Madzi azimwa pafupipafupi ngakhale alibe ludzu, mpweya wa kumeneko ndi wouma. Akuluakulu mowa ayi usiku woyamba. Mutu wamba umamva Panado ndi kupuma. Koma wina akayamba kupuma movutikira atangokhala, kutsokomola kosalekeza, kuyenda mopepesuka ngati woledzera kapena kuyankhula zosokonekera, musadikire kuti kuche. Mankhwala ake ndi kutsika phiri. Pali mapiritsi otchedwa acetazolamide amene amathandiza thupi kuzolowera, koma amenewo akulembereni adokotala, musagule mwa inu nokha n'kupatsa ana.

Tsopano funso limene ndimafuna kufikapo. Pa anthu asanuwa alipo wa mphumu, wa vuto la mtima, woyembekezera, kapena wa sikoselo, matenda aja a magazi?

Malume a ku Ndirande: Woyembekezera ayankhe okha mayiwo, ife tisamve.

Make Tadala: Amalume inu! Ayi palibe. Koma anesi, mwandiopsa. Mnyamata wa alamu angayu ali ndi sikoselo. Amapita ku kiliniki ku Queens, amamwa mankhwala ake, ndipo chaka chino sanagonekedwepo. Ali bwino kwambiri moti timaiwala.

Anesi: Ndathokoza kuti mwanena. Ine si dokotala wake, koma ndikuuzani mosabisa: zinthu zitatu zimene zimadzutsa sikoselo ndi kuchepa kwa okosijeni, kuzizira, ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Kumene mukupitako zilipo zonse zitatu pamodzi, kuwonjezapo kuthamangathamanga. Maselo ofiira amapindika, n'kutseka timitsempha, ululu uja mumaudziwa n'kuyamba. Kapamba naye amatha kutupa mwadzidzidzi. Ndipo muli pamwamba pa phiri, chipatala chili kumunsi ku Butha-Buthe, msewu wokhotakhota umene nthawi zina umatsekeka sinowo ikagwa. Musagule tikiti iliyonse musanakambe ndi adokotala ake. Muwauze nambala yeniyeni, mamita 3,000, masiku angati, ndi zoti mukwera ndege, chifukwa m'ndege namo mpweya umakhala ngati wa pa phiri la mamita 2,000 kapena kuposerapo pang'ono.

Chachiwiri, ngati mwanayo ali ndi matendawa ndiye kuti bambo ake anali ndi mbewu yake m'magazi. Amuna anu ndi m'bale wawo. Akhoza kukhala nayo iwonso, ndi ana anu, osadziwa, poti wonyamula mbewu chabe sadwala. Koma pamalo okwera kwambiri ngakhale oterowo ena amamva ululu woopsa kumanzere pansi pa nthiti, kapamba akasowa magazi. Si onse, koma zimachitika. Kayezetseni onse.

Make Tadala: Ndakhala chete chifukwa ndimawerengera bambo akunyumba. Tonse tangoti kakasi.

Agogo a ku Chigumula: Mwana wanga, ine za sinowo sindizidziwa, koma za mwana wamasiye ndikuzidziwa. Mukapita anayi n'kumusiya, kaya mufotokoze bwanji, mumtima mwake adzati anandisiya chifukwa si ine wawo. Ndipo achibale a kwa amayi ake adzanena zomwezo, mokweza. Ngati sangapite, sinthani ulendo. Pitani nonse ku Mangochi.

Make Chikondi: Agogo, ndi ulemu wonse, ine ndikuona mosiyana. Atsikana awiriwa adikira zaka ziwiri. Mukawauza kuti ulendo wafa chifukwa cha mchimwene wawo, mwamusenzetsa mlandu umene sanapalamule. Ana sanena koma amasunga. Adzayamba kumuona ngati chopinga.

Agogo a ku Chigumula: Nanga amene wasiyidwayo sasunga?

Make Chikondi: Amasunga. N'chifukwa chake ndikuti yankho lisakhale kumusiya ku Blantyre, komanso lisakhale kupha ulendo.

Malume a ku Ndirande: Apa ndasiya nthabwala. Mnyamata wa zaka 10 wa sikoselo amalidziwa thupi lake kuposa mmene mukuganizira. Wagonapo m'chipatala, ululu amaudziwa. Mufunseni. Osamupangira chiganizo kuseri ngati katundu.

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Nanga malo ena otsikirapo kulibe? Ndinamvapo za Tiffindell ku Eastern Cape, ku South Africa.

Achimwene a ku Joni: Tiffindell ili pa phiri la Ben Macdhui, nayonso ndi yokwera kwambiri, sikusiyana kwenikweni. Kum'mwera kwa Africa kuno sinowo siikhala pansi, umachita kuikwerera. Ku Ulaya ndiye kuli midzi ya ski yotsika, chifukwa kumazizira ngakhale m'zigwa. Tangoganizani, Val Thorens ku France, umene ndi mudzi wa ski wokwera kwambiri ku Ulaya konse, uli pa mamita 2,300 okha. Afriski yaupitirira ndi mamita oposa 700. Koma kumeneko ndi viza ya ku Ulaya ija ya Schengen, inshuwalansi, matikiti a anthu asanu, ndi ma euro. Kwacha yathu chigwereni mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, imeneyo ndi nkhani ya anthu ena.

Bambo a Chisomo: Pa ndalama pomwepo, yambani msanga kufunsa ma randi ku banki, musadikire sabata yonyamuka. Ubwino wake ku Lesotho randi imayenda, ndalama yawo ya loti ndi yofanana mphamvu ndi randi. Kungoti chenje cha maloti muchithere komweko, mukadutsa nacho boda sachilandira.

Achimwene a ku Joni: Make Tadala, ndili ndi ganizo. Adokotala akalola kuti mnyamatayo akwere ndege n'kukhala ku Johannesburg, bwerani nonse asanu kunyumba kwanga. Mmodzi wa makolo akwere phiri ndi atsikana masiku awiri kapena atatu, wina atsale ndi mnyamata kuno. Ndili ndi mwana wa msinkhu wake. Tidzapita nawo ku malo a masewero a Gold Reef City, ku zoo, akwere sitima ya Gautrain. Zipatala zili pafupi. Atsikana akamadzabwera ndi nkhani za sinowo, iye adzakhalanso ndi zake zowapotsera. Kuno nako kumazizira mu Ogasiti, koma m'nyumba muli hita.

Agogo a ku Chigumula: Zimenezo ndiye zamveka. Koma wotsala naye akhale bambo. Ndi magazi awo.

Make Tadala: Agogo, ndiye ine ndikayendetse galimoto pa phiri limene anthu akuti ana amasiya phokoso?

Achimwene a ku Joni: Msewu ndi wa tara mpaka kufika, ndipo amayendera kumanzere ngati kwathu. Amene anatsikapo pa Thabwa kupita ku Chikwawa ali ndi poyambira, kungoti uku n'kotalika ndi kokhota kuposa. Malamulo ake: kwerani dzuwa litatuluka bwino, chifukwa m'mamawa ndi madzulo pamakona a mthunzi pamakhala madzi ouma osaoneka, galimoto imangoterereka. Potsika gwiritsani giya yaing'ono, mukadalira mabuleki amatentha. Thirani mafuta odzaza ku Butha-Buthe. Galimoto yobwereka ikhale ndi kalata ya kampani yolola kudutsa nayo boda, muitchule pobwereka pomwe. Mukaona kuti mtima sukulola, mkazi wanga akuti akhoza kukuperekezani, iye anayendetsapo. Akuti ali ndi ngongole ndi phirilo chifukwa cha mutu uja.

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Musaiwale mapepala. Mayi akudutsa boda ndi ana popanda bambo, tengani makalata akubadwa a ku NRB ndi kalata ya bambo yovomereza, yodindidwa. Mnyamatayo nayenso, poti si inu omubereka, tengani zonse zosonyeza kuti ndinu omulera. Mwina sakafunsa, koma akafunsa muli pa kauntala palibe kothawira.

Make Chikondi: Tibwerere ku majekete aja, poti ndi gawo langa. Musakagule zatsopano ku Joni. Kaunjika wa mu Limbe ndi wa mu msika wa Blantyre amabwera ndi zovala za sinowo zambirimbiri, mabelo amachokera kumayiko ozizira. Mathalauza onenepa aja osalowa madzi ogulitsa amasowa nawo kochita, amangowaponya pansi pa mulu. Pitani mu Okutobala kapena Novembala kukutentha, mudzatola motchipa. Mu Juni mtengo umakwera. Fufuzani magolovesi osalowa madzi, a ubweya akanyowa ndi chilango. Masokosi aatali, zipewa zophimba makutu, ndi zovala zopyapyala zingapo zovala mosanjikiza m'malo mwa chijuzi chimodzi. Jinzi ayi, ikanyowa siuma.

Achimwene a ku Joni: Ma ski, timatabwa totsetserekera tija, majombo ake ndi zipewa zolimba mumabwereka komweko. Lipirani mphunzitsi tsiku loyamba, musadziphunzitse. Amayamba n'kukuphunzitsa kugwa ndi kudzuka, kenako kuima, poyandikizitsa nsonga za ma ski kutsogolo, zidendene n'kutalikirana. Ana amagwira msanga kuposa ife. Chokwerera chake ndi chitsulo chonga chilembo cha T chimene chimakukoka uli chiimire. Osakhalapo! Ine ndinakhalapo, ndinagwa chagada pamaso pa anthu onse, mwana wa zaka zisanu n'kundidutsa akundiyang'ana mwachisoni. Wamng'onoyo akaopa, pali kutsetsereka utakhala pa chubu, monga tinkachitira ndi makatoni pa chulu.

Anesi: Onjezani magalasi a dzuwa kwa aliyense ndi mafuta oteteza khungu. Tisanamizane kuti khungu lakuda silipsa. Pamwamba dzuwa limaluma kwambiri ndipo sinowo imalibweza m'maso. Vaselini wa milomo. Ndipo inshuwalansi ya paulendo muifunse mwachindunji ngati ikulipira ngozi za ski, zambiri zimapatula masewero oterewa. Za sikoselo muziulule polembetsa.

Malume a ku Ndirande: Funso lofunika palibe wafunsa. Ufa atenge?

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Amalume, pa mamita 3,000 madzi amawira pa madigiri 90, osati 100. Phala lidzabwata msanga koma lisanapse, ndiye nsima yofuna kuleza mtima. Nyemba ndiye musayese n'komwe. Koma Abasotho nawo amadya nsima ya chimanga, amaitcha papa, ufa ukapezeka ku Butha-Buthe.

Malume a ku Ndirande: Ufa wa eni sukhutitsa.

Make Tadala: Ndabweranso patatha sabata ziwiri, pepani kuchedwa. Tinapita ku kiliniki. Adokotala za phirilo akaniratu, sanachedwe n'komwe. Za ndege ndi Joni alola, bola akamuonenso kutatsala sabata ziwiri, atipatse kalata ndi mankhwala okwanira, ndipo azimwa madzi ambiri m'ndege. Tinayezetsa tonse. Bambo akunyumba ali nayo mbewu ija, zaka zonsezi osadziwa. Atsikana alibe. Ndiye nkhani ya wotsala yadzithetsa yokha, agogo mwapambana.

Mnyamata tinamufunsa monga munanenera amalume. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati sitima ya Gautrain imathamanga kuposa galimoto. Koma wapempha chinthu chimodzi, akuti timubweretsere sinowo mu fulasiki. Anesi, achimwene, zingafike?

Achimwene a ku Joni: Maola asanu mu fulasiki yabwino, mutaitsendera kwambiri n'kuiika m'bokosi la ayisi, ifika. Ya kukhosi kwakukulu, ija ya phala la mwana.

Make Chikondi: Loweruka ndili mu Limbe. Nditumizireni misinkhu ya atsikana ndi yanu, ndikaona mathalauza aja ndikupatulirani.

Make Tadala: Ndatumiza ku inbox. Mukapezanso fulasiki yotero mundigwirire.